Mabuku amasiye ndi vuto lowaika pa intaneti

Pamsika wa Nsungwi ku Area 25 ndinagula kabuku ka nthano za Chichewa kothothoka chikuto. Dzina la mlembi lilipo, koma ndi chilembo chimodzi ndi dzina la bambo basi. Chaka palibe, ndipo kampani yomwe inakasindikiza inatseka kalekale. Mabuku otere akatswiri amawatcha amasiye: mwini wake alipo kapena analipo, koma sakupezeka.

Kodi laibulale ingajambule masamba a kabukuka n'kuwaika pa intaneti? Chifukwa chofunira kutero n'chomveka. Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, ndipo kumene moto sunafike chiswe chimafika. Koma lamulo la 2016 loteteza ntchito zaluso, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, limati umwini wa buku umakhalapo moyo wonse wa mlembi komanso zaka 50 iye atamwalira. Kwa Samuel Nthara, mlembi wa Nthondo, masamu ake ndi apafupi: anamwalira mu 1976, choncho zakazo zimakwana mu 2026. Kwa mlembi wa kabuku kanga kuwerenga kulibe poyambira, pakuti chaka cha maliro ake sichinalembedwe poonekera.

Kungoganiza kuti mwini wake palibe n'koopsa. Mu 2011 Yunivesite ya Michigan ku America inatulutsa mndandanda wa mabuku omwe inkati ndi amasiye. Bungwe la alembi la Authors Guild linapeza eni a ena mwa mabukuwo m'masiku owerengeka, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa. Mu 2012 mayiko a European Union anagwirizana kuti laibulale iyambe yafufuza mwakhama, n'kulemba paliponse pomwe yafufuza, isanatulutse buku lotere.

Kuno kufufuza mwakhama sikungathere pa kompyuta. N'koyenera kufunsa ku COSOMA ndi ku National Archives ku Zomba, koma alembi athu ambiri akale anali aphunzitsi kapena atumiki a mpingo. Mbiri yawo ili m'mabuku a sinodi, kwa anyakwawa, ndiponso m'mitu mwa adzukulu. Chilengezo cha pawailesi chingathe kupeza mwana wa mlembi msanga kuposa kalata yopita ku adiresi ya mu 1965.

Maganizo anga ndi akuti tisiyanitse kusunga ndi kufalitsa. Laibulale ijambuliretu masamba pepala lisanawole, anthu aziwerengera pa makompyuta a m'laibulalemo, ndipo bukulo lipite pa intaneti pokhapokha kafukufuku atatha, ndi lonjezo lolichotsa mwini wake akatulukira. Ngozi yozengedwa mlandu siitheratu, koma imachepa, makamaka pa buku lomwe palibe akuligulitsanso. Kabuku kanga pano kakusowa masamba awiri omaliza, ndipo nthano yotsiriza imathera pamene Kalulu wangolowa m'phanga.