Nyali ya Injini Ikayaka, Yezani Musanagule Chitsulo

Kalata yoyamba ku pulogalamu yathu ya za galimoto yachokera ku Chiponde, kumalire ndi Mandimba, kwa dalaivala amene amanyamula anthu pa Sienta kupita ku Mangochi boma. Akuti: "Nyali ya check engine itayaka, amakanika anaika galimoto pa kompyuta ndipo inatulutsa P0171. Ndinagula sensa ya oxygen yatsopano, koma nyali yayakanso, ndipo galimoto ikulefuka pachitunda cha Chowe. Kodi kompyuta inanama?"

Achimwene, kompyuta sinaname ayi. Nambala imeneyi imanena zimene injini ikumva, siitchula chitsulo choti mugule. P0171 ikutanthauza kuti mpweya wachuluka ndipo petulo wachepa pamene ziwirizi zikusakanikirana. Sensa ya oxygen ndi imene inaona zimenezo m'utsi n'kukanena, choncho kawirikawiri imakhala ilibe mlandu. Kuchipatala munthu akatentha thupi amayamba amuyeza magazi asanamupatse mankhwala a malungo, ndipo galimoto iyeneranso kuyezedwa chimodzimodzi. Yambirani pa zotsika mtengo. Injini ikulira, tcherani khutu ku mapaipi a labala ochokera pa fyuluta ya mpweya. Paipi yong'aluka imachita mluzu, ndipo imalowetsa mpweya umene kompyuta ya m'galimoto sinauwerenge. Kenako tsegulani fyulutayo. Fumbi la m'misewu yathu yadothi likadutsa limakamatirira pa kawaya ka sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa, ndipo kawayako amakatsuka ndi mankhwala ake opopera, osakakhudza ndi chala. Komatu kalata yanu yaulula chinthu china. Mpweya wolowera pong'aluka umavutitsa kwambiri galimoto itangoima ikulira, pamene kulefuka pachitunda, anthu atadzaza, kumaloza kuti mafuta sakufika okwanira. Uzani amakanika ayeze mphamvu ya pampu ya m'thanki ndi geji, aonenso sefa yake, makamaka ngati mumathira petulo wa m'zigubu, amene nthawi zina amabwera ndi zinyalala kapena madzi.

Kalata yachiwiri yachokera ku Namwera, ndipo ikutsutsa. Akuti: "Kuyezetsa n'kutaya ndalama. Ife timangochotsa waya wa batire, nyali n'kuzima, galimoto n'kumayenda."

Bambo, nkhawa ya ndalama ndi yomveka, ndipo n'zoona kuti nyali imazima. Koma chimene chafufutika ndi uthenga, vuto lili pomwepo. Mukayenda maulendo angapo kompyuta idzalipezanso. Pamwamba pa apo, mwataya umboni, chifukwa nthawi imene nyali imayaka kompyuta imasunga liwiro la galimoto, kutentha kwa injini ndi mmene inkazungulirira, ndipo zimenezi ndi zomwe zimafupikitsa ntchito ya makanika. Kunena kuti galimoto ikuyendabe sikutsimikiza kanthu, pakuti kompyuta imawonjezera yokha petulo kuti ibise vutolo mpaka itafika pamalire ake. Injini yoperewera mafuta imatentha kuposa muyezo, ndipo mapeto ake imawotcha mavavu ndi kuwononga catalytic converter, zimene mtengo wake umaposa kutalitali wa kuyezetsa. Njira yoyezera galimoto pa kompyutayi, yotchedwa OBD-II, inakhazikitsidwa mwalamulo ku America mu 1996, ndipo galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi pulagi yake ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero. Kamakina kowerengera masiku ano kamalumikizana ndi foni, moti madalaivala a pasiteji imodzi atha kusonkherana n'kugula kamodzi.

Kwa nonse, nyali ikangoyaka osaphethira, pitani kugalaja masiku omwewo. Ikamaphethira, ndiye kuti injini ikumisa kwambiri: imani pambali, muzimitse. Mukaona P0301 mpaka P0304, nambala yomaliza ikukuuzani silinda yoti muyambire kuona pulagi ndi koyilo. Lembani nambalayo papepala wina asanaifufute, ndipo makanika akakuuzani kuti mugule chitsulo, mufunseni kuti wayeza chiyani.