Kugwira Ntchito Muli Pakhomo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi ndikamagwirira ntchito kunyumba, ufulu wanga ngati wantchito umachepa?

Ayi. Lamulo la Employment Act la mu 2000 limayang'ana mgwirizano wa inu ndi okulembani ntchito, osati malo amene mwakhala. Tchuthi cha pachaka chilipobe: masiku 18 ngati mumagwira masiku 6 pa sabata, masiku 15 ngati mumagwira 5. Mayi wopita kukachira ali ndi masabata ake 8. Penshoni nayo siima: abwana amasonkha 10 peresenti, inu 5 peresenti.

Abwana amanditumizira ntchito pa WhatsApp ngakhale usiku. Nditani?

Apa ndi pamene ambiri akupwetekekera. Ku ofesi, nthawi yoweruka ikakwana aliyense amaona mukutseka chitseko. Kunyumba palibe amaona. Mwangokhala pansi kuti mudye nsima, foni yalira: "Tangoonani kaye aka, sikachedwa." Kosachedwako kamadya maola awiri, ndipo mawa kabweranso.

Lamulo limati maola wamba asapitirire 48 pa sabata, ndipo mukagwira masiku 6 otsatizana mupume tsiku lathunthu. Maola oonjezera ndi ovataimu: ola lililonse limalipidwa ngati ola ndi theka, ndipo pa tsiku lanu lopuma kapena la holide limalipidwa kawiri. Koma mudzauza ndani popanda umboni? Lembani m'kabuku nthawi yoyamba ndi yoweruka tsiku lililonse, ndipo mauthengawo musafufute. Ku Portugal adafika pokhazikitsa lamulo mu 2021 loletsa mabwana kuvutitsa antchito nthawi yopuma. Kwathu kuno, chitetezo chanu chodalirika ndi maola olembedwa mu kontrakiti.

Nanga bandulo ndi magetsi alipire ndani?

Kambiranani musanayambe, ndipo zilembedwe. Ine ndimaona kuti si chilungamo kuti kampani ipulumutse ndalama ya lendi ndi intaneti, kenako wantchito azidula malipiro ake pogula bandulo ya Airtel kapena TNM. Gwirizananinso za tsiku limene magetsi a ESCOM azima: kodi muimbe foni, mupite ku ofesi, kapena mubwezere maolawo madzulo?

Ndikavulala ndili kunyumba, chipukuta misozi chilipo?

Workers' Compensation Act ya mu 2000 imafunsa ngati mwavulala chifukwa cha ntchito komanso muli pa ntchito. Kugwidwa ndi magetsi polumikiza kompyuta ya kampani n'kosiyana ndi kupsa ndi mbaula pophika. Dziwitsani abwana tsiku lomwelo ndipo sungani mapepala a kuchipatala.

Udindo wanga ndi wotani?

Pezekani nthawi imene mudagwirizana. Laputopu ya ntchito isakhale yoonerapo makatuni ana, ndipo muziitseka ndi pasiwedi mukadzuka. Mayina ndi manambala a makasitomala akatuluka, woyamba kufunsidwa ndinu.

Tikasemphana, ndikadandaule kuti?

Yambani ndi abwana, polemba kalata. Zikakanika, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, kenako ku khoti la Industrial Relations Court. Tengani kontrakiti, mapepala a malipiro ndi kabuku ka maola kaja.