Phunziro: kulima duwa la agapanthus ku Durban

Lero tiphunzira za agapanthus, duwa la buluu lija mumaliona m'mbali mwa mipanda ku Berea, ku Westville ndi ku Umhlanga. Azulu amalitcha ubani. Kwawo ndi konkuno: mtundu wa Agapanthus praecox umamera wokha kutchire ku Eastern Cape ndi kummwera kwa KwaZulu-Natal. Masamba ake amakhala obiriwira chaka chonse, ndipo mukabzala kamodzi, mbewuyo imakhalapo zaka zambiri.

Tiyambe ndi malo. Duwali limafuna dzuwa. Mukalibzala pansi pa mtengo wa mango, masamba amakula bwinobwino koma maluwa amabwera ochepa, mwinanso osabwera n'komwe. Choncho mwini munda akamadandaula kuti silikuphuka, yang'anani kaye mthunzi musanathamangire feteleza.

Kenako dothi. Mizu yake ndi yonenepa, yodzaza madzi, ndipo imaola pamalo olowe. Mchenga wofiira wa ku Berea umaliyanja duwali chifukwa sudikha madzi, kungoti ulibe chonde. Sakanizani ndi manyowa owolerana bwino. Mapando atalikirane masentimita 40 kapena 50, ndipo musakwirire khosi la mbewu. Lilingane ndi nthaka. Thirirani kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala mvula isanakhazikike. Maluwa mudzawaona kuyambira cha mu Disembala mpaka Febuluwale, pa mapesi otalika pafupifupi mita imodzi.

Apa mvetserani bwino, pakuti ambiri amalakwira pomwepa. Agapanthus sakonda kuzulidwazulidwa. Munthu wakhama amaona phata lathithikana, nkuligawa chaka ndi chaka, kenako nkumadabwa kuti maluwa apita kuti. Lisiyeni zaka 4 kapena 5. Likapanikizana zedi, ligaweni mu Malichi kapena Epulo maluwa atatha: fukulani phata lonse ndi foloko, liduleni ndi fosholo yakuthwa, chigawo chilichonse chikhale ndi mizu ndi masamba ake. Masambawo afupikitseni ndi theka, mubzale tsiku lomwelo. Chaka chotsatira mwina simudzaona duwa, musadandaule. Njere nazo zimamera, koma mudzadikira zaka 3 kapena 4.

Adani ake ndi nkhono, zomwe zimabisala m'kati mwa masamba, ndi mbozi yoboola mapesi ndi mphukira. Phesi likafota ndipo pakati pali kabowo, liduleni nkulitaya kutali, osati pa kompositi. Pogwira ntchitoyi valani magolovesi, chifukwa utomoni wake umayabwa pakhungu.