Apendikisi, Zakudya ndi Matenda a M'mimba: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka talemba ife ogwira ntchito ku wodi ya opaleshoni. Odwala ndi owadikirira amatifunsa mafunso omwewomwewo, makamaka okhudza njere za magwafa, ndipo ena amafika mochedwa chifukwa chofunafuna chimene anadya.

Kodi apendikisi n'chiyani?

Ndi kathumba kooneka ngati chala, kolumikizika pamene matumbo aakulu amayambira, m'munsi mwa mimba chakumanja. Kakatsekeka kamatupa, kamachita mafinya ndipo kakhoza kuphulika. Vutoli limagwira kwambiri a zaka 10 mpaka 30.

Ndingadziwe bwanji kuti kathumbaka katupa?

Ululu umayambira pamchombo kenako n'kutsikira kumanja. Munthu safuna kudya, amasanza, thupi limatentha. Kutsokomola kapena kudutsa m'mabampu kumawonjezera ululu.

Kodi njere za magwafa kapena timiyala ta mumpunga n'zimene zimatseka kathumbaka?

Si kawirikawiri. Njere zimatsata njira ya chakudya n'kutuluka ndi chimbudzi. Zinachitikapo kuti njere inapezeka mu apendikisi yochotsedwa, koma n'zapatalipatali kwambiri. Zimene zimatseka kathumbaka nthawi zambiri ndi kambulu ka chimbudzi chouma, kapena kutupa kwa minofu yolimbana ndi matenda ya m'kati mwake. Nthawi zina sitipeza chotseka chilichonse. Chimene chingachitike mwana akadya magwafa ambiri, makamaka osapsa, ndi kudzimbidwa. Choncho adye mwa mlingo ndi kumwa madzi, koma musawaletse ana zipatso.

Ndiye zakudya zilibe mbali iliyonse?

Zikhoza kukhala nayo, ngakhale akatswiri sanamvane chimodzi. Dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, anaona kuti anthu a m'midzi ya mu Africa sankadwala apendikisi kawirikawiri poyerekeza ndi a ku Ulaya. Mu 1971 analemba kuti chifukwa chake ndi chakudya: kumudzi ankadya mbewu zosakonola, nyemba ndi masamba, zimene zimafewetsa chimbudzi, pamene ku Ulaya kunachuluka ufa woyera ndi shuga. Ena anatsutsa kuti mwina odwala akumudzi sankafika n'komwe kuchipatala kuti awerengedwe, ndipo mfundo imeneyi ndi yomveka. Ife timalimbikitsabe mgaiwa, nandolo, khobwe, bonongwe ndi nkhwani, chifukwa zimathandiza matumbo m'njira zambiri. Sitingalonjeze kuti wodya zimenezi sadzadwala apendikisi.

Nanga matenda ena angayambitse vutoli?

Angathe. Mavairasi ndi mabakiteriya ena a m'matumbo amatupitsa minofu ija mpaka khomo la kathumbaka kutsekeka. Njoka za m'mimba nazo zimatha kulowamo. Kuno kwathu ku Malawi tisaiwale likodzo: mazira ake amapezeka m'maapendikisi ena ochotsedwa kwa anthu a m'madera a likodzo, choncho a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo asamakane mankhwala a praziquantel akabwera. Palinso ganizo la David Barker wa ku Britain, la m'zaka za m'ma 1980. Iye ankati madzi a m'mipope ndi zimbudzi zabwino zitafika, ana anayamba kukumana ndi tizilombo ta m'matumbo atakula kale, ndipo matupi awo ankalimbana nato mopyola muyeso. Ili ndi ganizo chabe. Madzi aukhondo amateteza ana ku kolera ndi tayifodi, ndipo palibe chifukwa chowasiyira.

Kodi apendikisi ndi yopatsirana?

Ayi. Mukhoza kudyera mbale imodzi ndi wodwalayo.

Ndingamwe mankhwala otsegula m'mimba kuti njere zituluke?

Chonde musatero, kaya ndi a kusitolo kaya azitsamba. Angawonjezere ngozi yoti kathumbako kaphulike. Musathowe pamimba ndi madzi otentha, ndipo musadye kufikira dokotala atakuonani. Ngozi imakula pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri. Ululu ukazilala mwadzidzidzi, mwina kaphulika kale. Tayifodi komanso mimba yokhala kunja kwa chiberekero zimapweteka mofananako, n'chifukwa chake kuyezedwa n'kofunika.

Kodi opaleshoni ndi yoopsa? Nanga ndalama?

Opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo, monga bala kuchita mafinya, koma chimakhala chochepa munthu akafika kathumbako kasanaphulike. Odwala ena amapatsidwa maantibayotiki okha, ngakhale vuto likhoza kubwereranso. Dokotala ndiye angaone zoyenera. M'zipatala za boma m'Malawi chithandizochi sichilipiritsidwa m'mawodi wamba, pamene za mishoni ndi zapulayiveti mitengo imasiyanasiyana. Funsani komweko, koma funsani wodwala ali kale m'manja mwa madokotala.

Mwana wanga anachitidwa opaleshoni atadya magwafa dzulo lake. Kodi si njere zija?

Makolo ambiri amadziimba mlandu motere. M'nyengo ya magwafa pafupifupi mwana aliyense amakhala atadyako, ndiye n'zosavuta kuloza chipatsocho. Mwachidziwikire kutupako kukanachitikabe. Akachira akhoza kudya magwafa, tomato ndi mpunga monga kale, ndipo kuchotsedwa kwa kathumbako sikulepheretsa thupi kugaya chakudya.