Mapanelo a Sola pa Denga la Khola Lopanda Chilolezo



Phunziro la mwezi uno lachokera pa funso la mayi wina wa ku Matero mu Lusaka, amene anatsiriza maphunziro a ulimi wa nkhuku pano zaka zingapo zapitazo. Ndalisankha chifukwa ambiri mwa inu mumaweta nkhuku kuseri kwa nyumba m'makomboni, ndipo zimene anakumana nazo mayiwa zikhoza kukupezani inunso.

Mukukumbukira mmene chaka cha 2024 chinalili. Mvula inakana, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika kwambiri m'damu la Kariba, ndipo poti magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana. Pofika September, m'madera ambiri magetsi ankazima maola 20 kapena kuposerapo pa tsiku. Oweta nkhuku anavutika kwambiri. Anapiye ankaunjikana mumdima n'kupsinjana, ndipo nkhuku zosola zinkaola m'firiji.

Mayi athuwa, amene amaweta nkhuku za nyama 200 pa ulendo umodzi, anasonkha ndalama za chilimba miyezi yambiri n'kugula mapanelo anayi, inveta ndi batire. Nyumba yawo yaikulu ili ndi denga lakale la asibesitosi, ndipo mtengo wa mango umaliphimba masana. Khola la nkhuku lili ndi denga lalitali la malata lopenya kumpoto, lopanda mthunzi. Aliyense akanasankha pamenepo. Koma mmisiri atakwera kukayang'ana anatsika n'kukana. Anati mitengo ya denga yadyedwa ndi chiswe, ndipo atafunsa pulani ya kholalo panalibe. Mapanelo anakhala pabalaza atatsamira khoma kwa miyezi iwiri. Ndipo mayiwo anandiimbira foni nati, "Aphunzitsi, kodi ndi mlandu kuika sola pa khola langa lomwe, pa poloti ya bambo anga?"

Ndinawayankha kuti vuto lawo silili pa mapanelo koma pa chimene chili pansi pa mapanelowo. Nkhani ya magetsi ndi nkhani ya chomanga zili ndi maofesi osiyana, ndipo mlimi ayenera kuzidziwa zonse ziwiri asanatulutse ndalama.

Chifukwa chake makola ambiri alibe mapepala

Matero inamangidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, ngati malo a nyumba za khonsolo zokhalamo antchito achikuda. Nyumbazo zinali zazing'ono. Mu 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo. Anthu atakhala eni nyumba anayamba kuwonjezera zipinda zobwereketsa kuseri, timagolosale kutsogolo, makola ndi zosungiramo katundu. Zambiri mwa izi zinamangidwa pang'onopang'ono, ndalama ikapezeka, popanda kupita ku khonsolo.

Ku George ndi ku Chawama mbiri yake ndi ina. Kumeneko anthu anayamba okha kumanga, ndipo lamulo la 1974 ndilo linatsegula njira yoti malo otero azindikiridwe ndi boma, okhalamo n'kumapatsidwa chiphaso chokhalira pamalopo cha zaka 30. Chiphasocho chimanena za ufulu wokhala pamalo. Sichitanthauza kuti chilichonse chimene mwamanga pamenepo chavomerezedwa. N'chimodzimodzi ndi pepala la umwini wa poloti ku Matero: limasonyeza mwini malo, osati kuti khola lili ndi chilolezo.

Zimene lamulo likufuna

Lamulo limene likugwira ntchito tsopano ndi Urban and Regional Planning Act la 2015. Mwachidule, limati munthu asamange kapena kusintha ntchito ya malo popanda chilolezo cha akuluakulu oona za mapulani, ndipo mu Lusaka amenewa ndi Lusaka City Council. Chomangidwa popanda chilolezo, khonsolo ili ndi mphamvu yolembera mwini wake kalata yomulamula kuti achikonze kapena achigwetse. N'zoona kuti makola ambiri akhala zaka zambiri osafunsidwa kanthu. Koma khola lobisika kuseri limaonekera kwa aliyense likangovala mapanelo onyezimira, ndipo mnansi amene wakhala akudandaula za fungo la zitosi ndi ntchentche amapeza poyambira. Tsiku limene kholalo lidzagwetsedwe, ndalama za njanji zokhomerapo mapanelo, mawaya ndi mmisiri zidzapita nalo limodzi.

Kumbali ya magetsi, bungwe loyang'anira ndi Energy Regulation Board. Mu 2024 boma linakhazikitsa malamulo olola munthu amene ali ndi sola kutumiza magetsi otsala ku mawaya a ZESCO. Wofuna zimenezi amalembetsa ku ZESCO, ndipo mawaya ndi zipangizo zake zimayenderedwa. Kuvomerezedwa kwa mawaya sikusandutsa khola kukhala lovomerezeka ku khonsolo. Ndipo ngakhale simukufuna kutumiza magetsi ku ZESCO, musalole munthu kulumikiza inveta ku mawaya a nyumba popanda swichi yosiyanitsa magetsi a sola ndi a ZESCO. Magetsi anu akabwerera ku mawaya a pamsewu akhoza kupha wantchito amene akukonza pa mtengo wa magetsi akuganiza kuti azimitsidwa. Funsani mmisiri wanu ngati analembetsa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo akuonetseni chiphaso chake.

Kodi dengalo lingathe kunyamula?

Chilolezo cha kumanga chili ndi cholinga. Chimatanthauza kuti munthu wodziwa anaona maziko, makoma, denga ndi malire. Khola lopanda chilolezo silinaonedwe ndi wina aliyense, choncho kuyesa kuli kwa inu.

Panelo imodzi ya mawati 550 imalemera makilogalamu pafupifupi 28, ndipo m'litali ndi yopitirira pang'ono mamita awiri, m'lifupi yopitirira pang'ono mita imodzi. Mapanelo anayi ndi makilogalamu oposa 100, osawerengera njanji ndi munthu amene azikwera kukapukuta fumbi. Koma choopsa kwambiri ndi mphepo. Mkuntho wa mvula zoyamba ukalowa pansi pa mapanelo umawakankhira m'mwamba. Ngati malata anangokhomedwa ndi misomali pa mitengo yowonda, ndipo mitengoyo inangosanjikidwa pa khoma n'kupsinjidwa ndi miyala kapena njerwa, denga lonse likhoza kuuluka n'kukagwera m'bwalo la mnansi mmene ana akusewera.

Onani zinthu izi. Bayani mitengo ya denga ndi msomali kuti mudziwe ngati chiswe kapena chinyezi chadya m'kati. Onani ngati mitengoyo inamangidwa ku khoma ndi waya wokhuthala kapena chitsulo cholowa m'khomalo. Onani ming'alu ya khoma, makamaka m'makona. Onani dzimbiri kunsi kwa malata, pakuti mpweya wochokera ku zitosi umadya chitsulo msanga. Pa chifukwa chomwechi, inveta ndi batire zisakhale m'khola. Fumbi la utuchi, nthenga ndi mpweya wa zitosi zimawononga zipangizo, ndipo moto ukabuka pa utuchi wouma suzimitsika msanga. Ziikeni m'chipinda chouma, chopita mphepo, chokhala ndi loko.

Za denga la asibesitosi, musaboole, musadule ndiponso musapondepo. Likakalamba limasweka mosavuta, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda osachiritsika amene amaonekera patapita zaka zambiri.

Ife amene timawerenga Malemba tikudziwa kuti nkhaniyi si yachilendo. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba yatsopano anauzidwa kutchinga m'mphepete mwa denga kuti munthu asagwe, ndipo mlandu wa ngozi yotero unali pa mwini nyumba. Denga lanu ndi udindo wanu kwa mnansi wanu, khonsolo ibwere kapena isabwere.

Njira zitatu

Njira yoyamba ndiyo kuika mapanelo pa nyumba yaikulu imene ili ndi pulani yovomerezeka, n'kukoka waya woyenera, wodutsa m'paipi, kupita ku khola. Ngati denga lake ndi la malata olimba, iyi ndiyo njira yosavuta. Lusaka ili madigiri pafupifupi 15 kumwera kwa mzere wodula dziko pakati, choncho mapanelo apenye kumpoto atapendekeka madigiri pafupifupi 15. Mu June ndi July, pamene kuzizira kumavuta anapiye, dzuwa limadzera kumpoto kwambiri. Yang'anani mthunzi wa mitengo ndi makoma pa nthawi imeneyo, chifukwa mthunzi pa panelo imodzi umachepetsa mphamvu ya onse olumikizidwa mu mzere umodzi.

Njira yachiwiri ndiyo kukonza mapepala a kholalo. Pitani ku dipatimenti ya mapulani a mzinda ku Civic Centre, pa Independence Avenue, mutanyamula mapepala a poloti. Fotokozani zoona: chimene munamanga, kukula kwake, ndi ntchito yake. Funsani ngati chingavomerezedwe monga chilili, chimene chiyenera kusinthidwa, ndi ndalama zofunika. Yembekezani kuti adzafuna pulani yojambulidwa ndi katswiri. Funsaninso a zaumoyo ku khonsolo komweko za kuweta nkhuku pamalo okhala anthu, chifukwa imeneyo ndi nkhani payokha. Ndalama iliyonse lipirani pa ofesi ndipo mulandire lisiti. Munthu wokuuzani kuti mumpatse kenakake kuti atseke maso sakukupatsani chilolezo, ndipo mawa adzabwera wina.

Njira yachitatu ndiyo chimango cha zitsulo choimika pansi, chozikidwa m'simenti, chimene mapanelo amamangidwapo ndi mabauti. Ubwino wake ndi wakuti chimamasuka mukafuna kusamuka. Ichi n'choyenera kwa inu amene mumakhala m'nyumba za lendi, koma gwirizanani ndi eni nyumba polemba kuti zipangizozo ndi zanu. Funsaninso ku khonsolo musanachiimike, musachiike pamwamba pa mapaipi a madzi kapena ngalande, ndipo ganizirani za akuba.

Werengani mphamvu musanagule

Ambiri amafuna denga lalikulu la khola chifukwa akuganiza zofunditsa anapiye ndi magetsi a sola. Tiyeni tiwerenge. Babu limodzi lotenthetsa la mawati 250 likayaka maola 12 limadya mayunitsi atatu. Mababu awiri ndi mayunitsi asanu ndi limodzi usiku umodzi, kuposa zimene batire la mayunitsi asanu lingasunge. Koma mababu asanu ounikira a LED a mawati 10 akayaka maola 12 omwewo amadya mawati-ola 600 okha, kungopitirira pang'ono theka la yuniti. Anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, ndipo mbaula ya makala yotchingidwa bwino, m'chipinda cholowa mpweya, imagwira ntchitoyi motchipa. Sola isiyireni kuunikira, firiji ndi pampu yaing'ono. Mukatero mudzapeza kuti mapanelo ochepa akukwanira, ndipo mwina denga la khola simulifunanso.

Mmene zinathera ku Matero

Mayi aja atatulutsa mapepala anapeza zinthu ziwiri. Poloti inali ikadali m'dzina la malemu bambo awo, ndipo khoma lakumbuyo la khola linali litalowa pa ngalande ya pamalire. Anaitana abale awo, nagwirizana polemba kuti zipangizo za sola ndi za mayiwo ndipo anayamba kukonza za dzina la pa poloti. Anagwetsa okha mbali ya khola imene inadutsa malire, zimene zinawachititsa kudumpha ulendo umodzi wa nkhuku ndi kuchepetsa chiwerengero kufika pa 150. Mapanelo anaikidwa pa chimango cha zitsulo pambali pa nyumba, atadulira nthambi ziwiri za mango. Pulani ya khola lotsalalo inajambulidwa ndipo anakaipereka ku khonsolo. Zinawawawa, ndipo sanandibisire. Koma usiku m'khola mwawo mukuwala, ndipo mphepo ikamaomba sadzuka kukayang'ana denga.

Ntchito yoti muchite

Ophunzira amene muli pano mubweretse mayankho m'kalasi sabata yamawa. Amene muli kwanu chitani pamodzi ndi a m'banja mwanu.

1. Jambulani poloti yanu pa pepala. Sonyezani malire, kumpoto, mitengo, ngalande ndi chomanga chilichonse.
2. Pa chomanga chilichonse lembani chaka chimene chinamangidwa ndiponso ngati chili ndi pulani yovomerezeka.
3. Pezani pepala la poloti ndipo muone dzina limene lilipo.
4. Lembani chipangizo chilichonse chimene mukufuna kuyendetsa ndi sola, mawati ake ndi maola ake pa tsiku, kenaka muwerenge mayunitsi onse.
5. Sankhani imodzi mwa njira zitatu zija ndipo mulembe chifukwa chake.

Musagule panelo ngakhale imodzi musanatsirize ntchito imeneyi.