Kodi ndigule kamwana ka pusi kuti ana aziphunzirirapo?

Funso: Ndimaphunzitsa sitandade 6 kuno ku Nkopola, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe. Mnyamata wina akugulitsa kamwana ka pusi. Kodi ndikagule kuti ana azikaona ndi kukagwira pophunzira?
Mphunzitsi, Nkopola

Yankho: Aphunzitsi, musagule ayi. Lamulo la National Parks and Wildlife Act sililola munthu kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyamazi. Komanso kamwana ka pusi kakafika m'manja mwa wogulitsa, kawirikawiri make amakhala ataphedwa, ndipo mukapereka ndalama, mawa mnyamatayo akagwira kena. Pusi akakula amaluma, ndipo angathe kupatsira ana matenda monga chiwewe. Dziwitsani a nthambiyo msanga. Nyama zotere amazisamala ku Lilongwe Wildlife Centre.

Cholinga chanu n'chabwino, ndipo nyama zamoyo muli nazo pafupi. Tengani ana ku Cape Maclear, ku Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zake. Ana akaone mbuna pamiyala, muwafotokozere kuti yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa, monganso chambo. Ana a asodzi akamvetsa zimenezi, sadzavutika kumvetsa chifukwa chotsekera nyanja nthawi yoswana.

Mukapeza galimoto, ku Liwonde akaona njovu, mvuu ndi ng'ona mumtsinje wa Shire. Lembetsaninso kalabu yanu ku bungwe loona za nyama zakutchire ndi zachilengedwe la WESM.