Malangizo: Kusova Funso la Mwala Woponyedwa M'mwamba

Inu a Fomu 4 amene mukukonzekera mayeso a Additional Mathematics, nali funso limene limagwetsa ngakhale odziwa masamu. Munthu waima pamwamba pa thanthwe lotalika mamita 25, ndipo waponya mwala molunjika kumwamba pa liwiro la 20 m/s. Tengani g = 10 m/s², za mphepo musaziwerengere. Kodi mwalawo ukwera mpaka pati, ugwa pansi nthawi yanji, nanga uyenda mtunda wotani?

1. Jambulani thanthwe ndi mwala, kenako sankhani mbali. Kumwamba kukhale +, kunsi kukhale −. Popeza dziko limakokera mwala pansi, a = −10. Mukasankha musasinthenso mpaka funso lithe.

2. Pangani integrate a kuti mupeze velocity: v = −10t + c. Poyamba t = 0 ndipo v = 20, choncho v = 20 − 10t. Panganinso integrate: s = 20t − 5t². Apa s tikuiyeza kuchokera pamene mwala unachokera, osati patsinde pa thanthwe.

3. Mwala ukafika pamwamba penipeni umayamba waima, ndiye v = 0. Zikatero t = 2, ndipo s = 40 − 20 = 20. Wakwera mamita 20 kuchokera pathanthwe, kutanthauza mamita 45 kuchokera pansi.

4. Patsinde pa thanthwe ndi kunsi kwa poyambira, choncho s = −25, osati 25. Lembani 20t − 5t² = −25. Mukagawa ndi 5 mupeza t² − 4t − 5 = 0, kapena (t − 5)(t + 1) = 0. Tayani t = −1 chifukwa nthawi imeneyo mwala unali usanaponyedwe. Ugwa pakatha masekondi 5, ndipo v = 20 − 50 = −30 m/s. Minus ameneyu musamufufute ayi. Akungonena kuti mwala ukutsika.

5. Pamtunda wonse ndi pamene ambiri amatayira malikisi, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ntchito yovuta amakhala atamaliza kale. Amapanga integrate v kuyambira 0 mpaka 5, napeza −25, n'kulemba kuti mtunda ndi mamita 25. Imeneyo ndi displacement, imene imangoona poyambira ndi pothera. Zili ngati munthu amene wapita kumsika n'kubwerera kunyumba: displacement yake ndi 0, koma miyendo yayenda ndithu. Dulani ulendo pamene v = 0. Kukwera ndi mamita 20, kutsika ndi mamita 45, pamodzi 65.

6. Tsimikizani ndi njira ina: v² = u² + 2as = 400 + 2(−10)(−25) = 900, ndipo liwiro ndi 30 m/s. Zagwirizana.

Tsopano tsekani tsambali, musinthe thanthwe likhale la mamita 60, musove nokha kuyambira pachithunzi. Mukapeza masekondi 6 ndi mtunda wa mamita 100, ndiye kuti mwakhoza.